Mutu 9: Kusankha Gombe Lokaonerapo Nsomba za m'Nyanja

Madzi ambiri amene amatuluka pampopi ku Ndirande, ku Chilomoni ndi ku Namiwawa amapopedwa mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, ndipo Shire ndiye mtsinje wokhawo umene umatulutsa madzi m'nyanja ya Malawi. Magetsi ambiri amene amayaka m'masitolo a mu Victoria Avenue ndi kuyendetsa makina m'mafakitale a ku Makata amapangidwa ndi madzi omwewo pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira. Usipa ndi utaka zimene amayi amaunjika timilumilu mumsika wa Limbe zidaumira pathandala m'mbali mwa nyanja yomweyo. Moyo wa mzinda wa Blantyre udapachikika pa nyanja, komabe anthu ambiri a mumzindawu amabadwa, kukula mpaka kukalamba osaonapo zimene zili mkati mwake. Ngakhale mabanja amene amadzimana n'kupita ku Mangochi pa Khirisimasi kapena pa Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, kawirikawiri amathera pamchenga: kuwotcha nyama, kujambulana pafoni, ana kusewera m'madzi olekeza m'mawondo, dzuwa likapendeka n'kuyamba ulendo wobwerera. Amabwerako ataona denga la nyumba, eni nyumbayo osakumana nawo.

Njira yosuzumira m'nyumbamo ilipo, ndipo siifuna mabotolo a mpweya onga amene amabereka akatswiri otsikira pansi penipeni. Munthu amavala galasi lophimba maso ndi mphuno, n'kuluma kapaipi kopindika kamene nsonga yake imatulukira pamwamba pa madzi, kenako amagona chafufumimba pamadzipo, akupumira mkamwa uku akuyang'ana pansi. Alendo akunja ndi anyamata amene amawaperekeza kunyanja amautcha mchitidwewu kuti snorkeling. Ena amakwera boti kupita patali n'kukadumphira pakuya, ena amangoyambira pagombe, kulowa m'madzi ndi mapazi awo. Banja la ana limayenera njira yachiwiriyi, chifukwa mwana akatopa kapena akachita mantha amangoimirira n'kutuluka, agogo amakhala pamthunzi ndi khanda akuona zonse, ndipo palibe kulipira boti nthawi iliyonse imene mwana wafuna kubwereza. Koma njira imeneyi imatheka pokhapokha pamene nsombazo zili pafupi ndi mtunda, ndiye apa ndi pamene mabanja ambiri amasochera. Amayamba ndi kufunsa za malo ogona, za chakudya, za kukongola kwa mchenga pa zithunzi za pa Facebook, n'kudzazindikira atafika kuti pansi pa madzi a pamalopo palibe choona. Mfundo ya mutu uno ndi imodzi: banja lofuna kukaona nsomba liyambe lasankha gombe, malo ogona abwere pambuyo. Ndipo muyeso umenewu ukatsatidwa bwino, banja la mu Blantyre lipeza kuti gombe lake lili m'miyala ya ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi.

Chifukwa chake chili m'khalidwe la nsombazo. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 560, ndipo chakumpoto kuya kwake kumafika mamita 700. Muli mitundu ya nsomba yochuluka kuposa m'nyanja ina iliyonse yopanda mchere padziko lapansi. Ya m'banja la chambo yokha ndi yoposa 700, ndipo pafupifupi yonse siipezeka kwina kulikonse. Mwa imeneyi, yokongola kwambiri ndi timbuna, tinsomba totalika ngati chala kapena chikhatho, dzina limene lidachokera kwa Atonga a ku Nkhata Bay, kumenenso wasayansi Geoffrey Fryer adafufuza moyo wake m'zaka za m'ma 1950. Mbuna zambiri zimadya ndere imene imamera pamiyala. Ndere imafuna dzuwa, dzuwa limafika bwino m'madzi osaya, choncho mbuna zimadzazana pomwepo pamene mwana angaone pansi atayandama pamwamba, mita imodzi kapena mamita awiri kuchokera pankhope pake. Mbuna siikonda kuwoloka mchenga wautali kapena madzi akuya, moti imabadwira ndi kufera pamulu umodzi wa miyala. N'chifukwa chake chilumba chilichonse chili ndi mitundu ndi maonekedwe akeake. Pamchenga nkhani ndi ina. Nsomba za kumeneko zambiri n'zotuwa ngati mchengawo, zimakhala motalikirana, ndipo zimathawa zikangoona chithunzithunzi cha munthu. Gombe limene ndi labwino kuyalapo mkeka nthawi zambiri ndi losauka pansi pa madzi.

Taganizirani mwana wa Sitandade 5 wa ku Zingwangwa amene wagona pamadzi koyamba, atavala jekete yoyandamitsa, bambo ake atamugwira dzanja. Poyamba samva china koma kupuma kwake komwe kukulira m'kapaipi, ndipo miyendo imafuna kupalasa mwamantha. Akangodekha, pansi pamayera. Pamwala waukulu ngati lichero pali kansomba kabuluu ka mizere yakuda, kamphongo kamene kakulondera malo ake, kuthamangitsa kalikonse kofika pafupi n'kubwerera msanga pamwala pake. Chapafupi pali kena ka mphuno yogwera pakamwa, kakupala ndere ngati mmene mayi amapalira mkute mumphika. Kenako pakudutsa kagulu kachikasu, kena kamawangamawanga ngati chitenje. Akayang'anitsitsa aona yaikazi ya kukhosi kotupa, itabisala m'mng'alu. Imeneyo yafungatira mazira mkamwa, ndipo imatha pafupifupi milungu itatu osadya mpaka tiana titakhwima. Nsomba zina za m'banja lomweli zimalavula tiana tawo kuti tidye, zoopsa zikafika tonse timathamangira kubwerera mkamwa mwa make. Wamwayi angaonenso kaligono, nsomba imene imagona cham'mbali pansi ngati yafa, kudikira kuti tinsomba tifike kudzajompha, iyo n'kutimeza. Zonsezi zimaoneka kwa munthu amene waleka kupalasa. Akale adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo palibe sukulu yophunzitsa mwana mwambi umenewu kuposa mwala wa mbuna.

Tsono gombe loyenera limadziwika ndi zinthu zinayi, ndipo zonse munthu angathe kuzifunsa pafoni asanalipire kalikonse. Choyamba, kodi pali miyala yolowa m'madzi imene munthu angafikepo wapansi kuchokera pogona? Chachiwiri, kodi madzi ake ndi oyera? Madzi amada pafupi ndi pamene mtsinje ukuthira m'nyanja, pamene pali bango ndi matope, ndiponso pamene mafunde amavundula mchenga. Chachitatu, kodi malowo ndi obisika ku mphepo? Mafunde akamakula madzi amalowa m'kapaipi, ndipo mwana amene watsamwa kamodzi safunanso kubwereramo. Chachinayi, kodi pali polowera posaya, pamene wophunzira angaime n'kusintha galasi asanapite pamiyala? Tikayesa ndi muyeso umenewu magombe otchuka a pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay, monga a ku Nkopola ndi madera oyandikana nawo, tipeza kuti ndi abwino pa misonkhano, maukwati ndi kusewera mpira wa pamchenga, ndipo ali pafupi ndi msewu. Koma chigawo chimenechi cha nyanja n'chosaya, pansi pake ndi pamchenga ndi matope, ndipo madzi ake sayera ngati a kumiyala. Amene cholinga chake ndi kupuma ndi kudya chambo sadalakwe kupita kumeneko. Amene akufuna kuti ana akaone mbuna ayenera kupirira ola lina limodzi ndi theka pamsewu.

Kuchoka ku Limbe, msewu wa M3 umadutsa pa Namadzi, Zomba, Liwonde ndi Ulongwe, n'kulambalala nyanja ya Malombe mpaka pa boma la Mangochi, mtunda wa makilomita pafupifupi 190. Kuchoka apo munthu amatsata msewu wa ku Monkey Bay, ndipo atatsala pang'ono kufika amakhotera kumanzere, kuyenda makilomita ena 18 m'mapiri, kudutsa pa Mwala wa Mphini, thanthwe la mizere yonga mphini zotemedwa ndi munthu, mpaka kutsikira m'mudzi wa Chembe. Wonyamuka m'mamawa amakadyera nkhomaliro kumeneko. Dzina loti Cape Maclear adapereka ndi David Livingstone mu 1861 pokumbukira mnzake Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi, ndipo mu 1875 amishoni a ku Scotland, mmodzi mwa iwo Robert Laws, adamanga pano Livingstonia woyamba. Malungo adawavuta mpaka adasamukira ku Bandawe mu 1881, n'kusiya manda amene alipo mpaka lero, chikumbutso kwa mlendo aliyense kuti kunyanja sagona popanda neti. Mu 1980 boma lidakhazikitsa Lake Malawi National Park, imene imadziwika kuti ndi paki yoyamba padziko yotetezera nsomba za m'madzi opanda mchere, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaiika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Lamulo limaletsa kusodza m'madzi a mamita 100 kuchokera kumtunda wa paki, n'chifukwa chake nsomba za pano n'zambiri ndiponso zosaopa anthu. Kumapeto kwa gombe la Chembe chakumadzulo, munthu akalowa pachipata cha paki, amafika pa Otter Point, pamene miyala ikuluikulu yaunjikana mpaka m'madzi oyera mbee, ndipo amafikapo wapansi. Ana akazolowera, chilumba cha Thumbi chili patsogolo pomwepo, ulendo wa mphindi zochepa paboti. Palibe mtsinje waukulu wothira matope pano, ndipo mapiri a Nankumba amatchinga mphepo ya mwera.

Sikuti malo abwino ndi okhawa. Ku Nkhata Bay miyala imayambira pakhomo penipeni pa malo ena ogona, ndipo madzi ake ndi oyera modabwitsa, koma pansi pake pamatsetsereka msanga kupita pakuya, zimene zimayenera ana odziwa kale kusambira, komanso kuchokera ku Blantyre ndi ulendo wa tsiku lonse. Pachilumba cha Likoma, pamene pali tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene a Anglican adayamba kumanga mu 1903, pali timagombe tabata tosakanikirana mchenga ndi miyala, ndipo mwina palibe malo oposa amenewa m'dziko muno. Vuto lake ndi kafikidwe: sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira mu 1951, imafikako mwa apo ndi apo pa mlungu, ndipo banja liyenera kukhala ndi masiku ambiri ndi mtima wodikira. Ku Senga Bay, m'boma la Salima, ndi kufupi kwa a ku Lilongwe, koma gombe lake lalikulu ndi lamchenga ndipo mbuna zambiri zili kuzilumba monga Namalenje ndi Maleri, kofuna boti. Choncho kwa banja la mu Blantyre limene lili ndi masiku atatu, mafuta owerengeka ndi ana amene sadalowepo m'nyanja, Cape Maclear ndiye malo oyambira. Likoma ndi Nkhata Bay zidzakhala mphotho ya chaka china, ana atakula ndi kulimba mtima.

Kusankha malo n'kosakwanira ngati nyengo yalakwika, pakuti gombe limodzi lomwelo limasintha nkhope ndi miyezi. Kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti kumawomba mwera, mphepo yochokera kummwera imene asodzi amaiopa ndi chifukwa. Sitima ya Vipya idamira ndi namondwe pa 30 Julayi 1946, ndipo anthu 145 adafa. Ngakhale Chembe ndi wobisika, m'miyezi imeneyi madzi amazizirirapo ndipo mwana amanjenjemera msanga. Kuyambira mu Disembala mpaka mu Malichi ndi dzinja: mitsinje imatsitsa matope, ziphaliwali zimabwera mwadzidzidzi, ndipo mphepo ya mpoto imawomba molunjika pagombe la Chembe chifukwa lidayang'ana kumpoto. Nyengo yabwino koposa ndi ya Seputembala mpaka Novembala, pamene nyanja imagona, madzi amafunda ndiponso amayera kwambiri. Apa pali vuto loti miyezi imeneyi ana amakhala ali pasukulu, ndipo tchuthi chachikulu chimagwera m'nthawi ya mwera. Njira yake ndi kusankha masiku otsiriza a tchuthicho, kumapeto kwa Ogasiti ndi kumayambiriro kwa Seputembala, kapena tchuthi cha Pasaka mu Epulo mvula itangoleka, kapenanso Loweruka ndi Lamlungu la mu Okutobala losakhala la Tsiku la Anakubala, pamene magombe amadzaza ndi khwimbi la anthu, maboti ndi mowa. Pa tsiku lililonse, nthawi yabwino ndi m'mawa, mphepo isanadzuke ndiponso dzuwa lisanayambe kuwotcha msana.

Wina anganene kuti ngati banja lasonkha ndalama, bwanji osapita kunyanja yamchere, ku Mozambique kapena ku Zanzibar, kumene kuli matanthwe a korali, akamba a m'madzi ndi nsomba zazikulu? Mawu amenewa ali ndi mbali yoona. Korali ndi chinthu chimene nyanja yathu ilibe, m'madzi amchere mulibe likodzo, ndipo mchere umathandiza thupi kuyandama. Koma tiyeze bwino. Magombe a nyanja yamchere apafupi ndi Blantyre, a ku Quelimane ndi ku Beira, madzi ake ndi amatope chifukwa cha mitsinje ikuluikulu yothira kumeneko. Madzi oyera ali kutali, ku Nacala ndi kupitirira, ulendo wotulukira pa Muloza n'kudutsa Mocuba ndi Nampula, wofuna pasipoti ya aliyense, mapepala a galimoto ndi ndalama zakunja zimene masiku ano sizipezeka mwachisawawa. Kupitirirako, mzinda wa Pemba uli m'chigawo cha Cabo Delgado kumene kwakhala kuli nkhondo kuyambira mu 2017. Komanso nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwera kawiri patsiku, moti kugombe la kummawa kwa Zanzibar madzi amathawa mtunda wautali, ndipo pobwerera amabwera ndi mphamvu imene mlendo saidziwa. Pansi pali tizilombo taminga tobaya mapazi, m'madzi muli tina toyabwa, ndipo korali wabwino nthawi zambiri ali patali pofuna boti. Nyanja ya Malawi ilibe zonsezi. Mwana akamwa madzi mwangozi sasanza ndi mchere, maso samuwawa, ndipo pamene adaona mwala dzulo aupeza pomwepo lero. Kwa wophunzira, ubwino umenewu ndi waukulu kuposa korali.

Chotsutsa champhamvu kwambiri ndi likodzo, ndipo pano sipafunika kubisa kanthu. Matendawa alipo ku Cape Maclear ndi m'magombe ena ambiri a kummwera kwa nyanja. Amayenda chonchi: wodwala akakodza kapena kuchita chimbudzi m'madzi, mazira a tinyongolotsi amaswa n'kulowa mu nkhono, m'menemo timachulukana, kenako timatuluka n'kuboola khungu la munthu amene ali m'madzimo. Kale anthu ankati nkhono zotere zimakhala m'bango ndi m'madzi odikha mokha. Kafukufuku wa Jay Stauffer ndi Henry Madsen ku Chembe adaonetsa kuti mtundu wina, Bulinus nyassanus, umakhala mumchenga wa poyera, ndipo adagwirizanitsa kuchuluka kwake ndi kutha kwa nsomba zodya nkhono zimene makoka a m'mbali mwa gombe adazisesa. Mu 2017 ndi 2018 asayansi adapezanso m'magombe a Mangochi nkhono za mtundu wa Biomphalaria, zofalitsa likodzo la m'matumbo. Choncho aliyense wolonjeza kuti gombe lake lilibiretu likodzo asakhulupiriridwe msanga. Komabe umboni womwewu ukulimbikitsa mfundo yathu, chifukwa chiopsezo chimakula pamchenga wosaya wa pafupi ndi mudzi, pamene anthu ambiri amasamba ndi kuchapa, ndipo chimachepa pamiyala ya kutali ndi nyumba, kumene kulinso mbuna. Banja lisambire kumiyala, lipewe bango, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu chibwerereni, onse apite kuchipatala akayezedwe ndi kulandira malangizo. Mankhwala ake, praziquantel, ndi omwe aja boma limagawa m'masukulu, ndipo amapha nyongolotsi zikakula, n'chifukwa chake kumwa tsiku lobwerera sikuthandiza. Likodzo lonyalanyazidwa limawononga chikhodzodzo ndi ziwalo zina, koma lopezeka msanga limachizika. Ndi matenda oti munthu akonzekere, monga amakonzekerera malungo.

Mantha ena ndi a kumira, ndipo kwa ana a mu Blantyre ndi mantha oyenera. Mudi, Naperi ndi Nasolo ndi mitsinje yoti kholo lanzeru silingalole mwana kusambiramo, madamu osambirira ali m'mahotela ndi m'masukulu ochepa, moti ana ambiri ngakhalenso makolo awo sadziwa kusambira. Galasi ndi kapaipi siziphunzitsa munthu kusambira, ndipo madzi opanda mchere sanyamula thupi ngati amchere. Yankho lake ndi malamulo ochepa osaphwanyika. Aliyense wosadziwa kusambira bwino avale jekete yoyandamitsa yomukwana, yomangidwa zolimba, ngakhale pamalo pooneka posaya, chifukwa pamiyala phazi limodzi lingakuchotse m'madzi a m'chiuno n'kukuponya pakuya. Mwana mmodzi alowe ndi wamkulu mmodzi amene angamufikire ndi dzanja, ena adikire pamtunda. Wolondera ana asalawe mowa ndipo foni aisiye m'chikwama. Amayi asalowe ndi chitenje, chifukwa chikanyowa chimakulunga miyendo. Tisheti ndi kabudula wautali kapena thalauzi yothina zimasunga ulemu ndiponso zimateteza khungu ku dzuwa. Kuphunzira kuyambire kunyumba: mwana aviike nkhope m'beseni atavala galasi, apume ndi kapaipi mpaka azolowere, ndipo wosakwana zaka 6 angoyang'ana ndi galasi lokha ali m'manja mwa kholo. Pokwera boti, werengani majekete boti lisananyamuke. Za ng'ona ndi mvuu, malo ake ndi m'bango, m'mathiriro a mitsinje, mu Shire ndi m'Malombe, ndipo siziwonekawoneka pamiyala ya madzi oyera. Ngakhale zili choncho, palibe kusambira kukada kapena mbandakucha, ndipo pofika pamalo pachilendo yambani mwafunsa eni dera ndi alonda a paki. Safunsa adadya phula.

Tsono pali amene amati zonsezi ndi za azungu ndi anthu a ndalama. Kuti mabanja ambiri a ku Bangwe, ku Mbayani ndi ku Chirimba sangakwanitse ulendo wotere chaka chilichonse ndi zoona, ndipo palibe chifukwa chonamizira. Koma mtengo wake si wa kumwamba monga anthu amaganizira. Maminibasi ndi mabasi a ku Mangochi ndi Monkey Bay amanyamuka tsiku lililonse, ku Chembe kuli malo ogona a mitengo yosiyanasiyana mpaka pokhoma tenti, ufa ndi ndiwo zina mungathe kunyamula, nsomba mugula kwa asodzi, ndipo pachipata cha paki Mmalawi amalipira zochepa poyerekeza ndi mlendo wakunja. Magalasi amabwerekedwa komweko, ndipo awiri okha akwanira banja lonse popeza ana amalowa mmodzimmodzi. Chofunika ndi kutsuka bwino choluma cha kapaipi. Ndalama za chipereganyu kapena za banki m'khonde zimene zimagula sofa zingathenso kugula masiku awiri amene mwana sadzawaiwala. Kumene banja palokha silingathe, sukulu, mpingo ndi makalabu a zachilengedwe onga a Wildlife and Environmental Society of Malawi, bungwe limene likulu lake lili ku Limbe konkuno, angathe kusonkha basi imodzi. Ponena za uzungu, ana a ku Chembe ndi ku Likoma akhala akusambira ndi nsombazi kuyambira makolo, ndipo dzina loti mbuna, limene lili m'mabuku a sayansi padziko lonse, ndi lathu. Kwa zaka zoposa 50 nsombazi zakhala zikutumizidwa zamoyo ku Ulaya, ku America ndi ku Japan kukakongoletsa nyumba za anthu. N'zomvetsa chisoni kuti mwana wa ku Germany azitchula mitundu ya mbuna za ku Thumbi pamtima, pamene mwana wa ku Soche amangodziwa nsomba ili mumphika.

Apa nkhaniyi yaposa ya tchuthi. Mu 2018 bungwe la IUCN lidaunika mitundu 458 ya nsomba za m'nyanja ya Malawi n'kupeza kuti 9 mwa 100 iliyonse ili pachiopsezo chachikulu cha kutha, ndipo mitundu itatu mwa inayi ya chambo idaikidwa m'gulu la zotsala pang'ono kutheratu. Zoyambitsa zake n'zodziwika: maukonde a maso ang'onoang'ono, maneti a udzudzu osandutsidwa makoka, kudula mitengo m'mapiri kumene kumatsitsa dothi lokwirira ndere pamiyala, ndi mapulasitiki. Zambiri mwa izi zimayendetsedwa ndi msika wa m'tauni, chifukwa ndife a m'tauni amene timagula makala ndi tinsomba tosakhwima. Mawa lino amene adzapange malamulo a usodzi, amene adzavomereze kapena kukana zokumba mafuta pansi pa nyanja, ndi ana amene lero ali m'masukulu a ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo munthu savutikira kuteteza chinthu chimene sadachionepo. Choncho popita kumiyala, banja lipitenso ndi mwambo: osaponyera nsomba buledi, osasambira sopo m'nyanja, osakodzamo, osatola kanthu m'paki, zinyalala kubwerera nazo, ndiponso kulemekeza anthu a ku Chembe, amene gombelo ndi pakhomo pawo, posawajambula osapempha ndi powalipira moyenera akakuperekezani. Makolo a mu Blantyre, mukadzakhala pansi kukonza ulendo wa kunyanja, musayambe ndi funso la chipinda ndi chakudya. Funsani ngati pali miyala, ngati madzi ndi oyera, ngati kuli bata, ngati pali majekete a ana. Mukapeza gombe lotero, tengani ana anu akaone okha nsomba za dziko lawo zikadalipo.